Kutentha Kusatisiyitse Neti

Masiku ano dzuwa likalowa, m'nyumba simuloweka. Malata amakhala atamwa dzuwa la tsiku lonse, ndipo ngakhale nyumba ya udzu imasanduka uvuni wa njelwa. Conco tikatha kudya nsima timatulutsa mphasa pabwalo, ana amagona pomwepo, akulu n'kumaceza kuyembekeza kamphepo. Ena amagonelatu pakhonde mpaka tambala kulila. Ndi mmene takhalila m'cilimwe kuyambila kale, ku Petauke, ku Katete, ku Chipata mpaka ku Lundazi, ndipo anzathu a kucigwa ca Luangwa, monga ku Mambwe, angatiseke kuti ife a kumtunda kutentha sitikudziwa. Sitidzudzula munthu cifukwa cofuna mphepo. Cimene tidandaula naco n'cakuti munthu akatuluka ndi mphasa, neti imatsala m'nyumba itapindidwa kudenga, ndipo pamene mvula idzayamba, banja lonse limakhala litazolowela kale kugona pamtetete.

Tudoyo toluma m'nyengo ino n'tambili, ndipo mai aliyense atudziwa. Nsikidzi zimaswana msanga kukatentha. Zimabisala m'ming'alu ya cipupa, m'mphasa ndi m'mfundo za bedi, ndipo mwana amauka thupi lonse lili zidzolo. Utitili umacokela kwa agalu ndi nkhuku zogona pafupi ndi anthu. Mvula ikagwa kumabwela nchenche ija imene imaikila mazila pa zovala ndi matewela oyanika pansi, mphutsi yake n'kulowa pakhungu la mwana n'kutupa ngati cithupsa. Zonsezi zili ndi mankhwala ake a pakhomo amene safuna ndalama zambili: kuyanika zofunda ndi mphasa padzuwa loswa mtengo, kuthila madzi owila m'mfundo za bedi, kumata ming'alu, kuyanika zovala pa cingwe ndi kuzisita ndi nsimbi yotentha, kuwenga zikhadabo za ana kuti pokanda asadzipange zilonda, ndi kutsuka polumidwa ndi sopo. Cimodzi cabe ticenjeze alimi anzathu. Mankhwala opopela thonje ndi a dibi ya ng'ombe ndi poizoni. Osawapopela pogona anthu kapena kuwapaka pathupi la mwana pofuna kuthana ndi nsikidzi kapena nsabwe. Nsikidzi imasowetsa tulo, koma mankhwala a thonje angaphe mwanayo.

Codabwitsa n'cakuti tudoyo tumene timatukwana kwambili situmene tumatipititsa kumanda. Nsikidzi siipatsa malungo. Udzudzu wambili umene umatiimbila m'khutu madzulo, wocokela m'zimbudzi ndi m'madzi onyansa, nawonso sunyamula malungo. Umene umanyamula ndi waukazi wa mtundu wa Anopheles, umene umaluma makamaka usiku, kawilikawili munthu ali m'tulo osamva kanthu. Umenewu suswana m'zonyansa. Umakonda madzi odekha a mvula: m'maenje amene tinakumba poumba njelwa mu August, m'mapazi a ng'ombe kudambo, m'mikwasa ya ngolo, m'zitsime za kudimba. Kukatentha, kucoka pa dzila kufika pa udzudzu wouluka pamapita masiku 10 kapena milungu iwili cabe. Munthu akalumidwa, padzapitanso masiku 10 mpaka 15 kuti thupi liyambe kutentha.

Tiyeni tiwelengele pamodzi masiku amenewa. Mvula yobzalila ikagwa kumapeto kwa November, udzudzu umaculuka mu December, ndipo matenda amayamba kugwetsa anthu panthawi yeniyeni imene udzu wakula m'munda ndipo cimanga cifuna fataleza waciwili. Akulu anati walila mvula walila matope. Ife tingawonjezele kuti walilanso udzudzu. Ndi nthawi imeneyinso pamene mango amapsa ndipo ana amadya osaleka, n'cifukwa cake ena mpaka lelo amakamba kuti mango, misale kapena kunyowa ndi mvula ndiye kumabweletsa malungo. Mango alibe mlandu. Angokumana ndi udzudzu m'mwezi umodzi.

Mlimi aliyense adziwa mtengo wa mlungu umodzi wa mu January. Bambo akagona masiku asanu, khasu limagona naye. Mwana akadwala, mai amasiya munda n'kukakhala naye kucipatala, ndipo njinga, nkhuku kapena thumba la nshawa losungila mbeu limagulitsidwa kuti papezeke ya ulendo. Munda umene sunapalilidwe panthawi yake subweza cimene unadya, olo munthu anaikamo fataleza wokwana. Timakangana kwambili m'makopaletivu za kucedwa kwa fataleza, ndipo n'zoyenela kutelo, koma ndi kangati pamene pamsonkhano wa alimi munthu anaimilila n'kufunsa ngati onse anamanga neti? Nayonso ni nkhani ya zokolola.

Madandaulo a anthu pa neti timawamva, ndipo si onse abodza. Akuti imatenthetsa. N'zoona, m'nyumba ya malata yopanda mawindo neti imawonjezela thukuta. Koma neti siinakwatiwe ndi bedi. Ngati mwasankha kugona pakhonde kapena pansi pa mtengo wa mango, tulukani nayo. Zingwe zinai ndi mitengo iwili zikwana, ndipo m'munsi mwake muipisile pansi pa mphasa. Amene amagona kumunda kulonda njovu ndi nguluwe acite cimodzimodzi m'msasa mwao. Akuti imayabwa kumaso. Neti yatsopano iyenela kuyanikidwa pamthunzi tsiku lathunthu isanagonedwe, ndipo ambili amene amadandaula ndi amene anaicotsa m'pepala n'kuimanga usiku womwewo. Akutinso neti imabweletsa nsikidzi. Nsikidzi zinalimo kale m'nyumba. M'mipendelo ya neti zangopeza pobisala, ndipo pansalu yoyela zimaoneka bwino kuposa pa cipupa ca dothi. Kutaya neti cifukwa ca nsikidzi n'kusiya mwana m'manja mwa mdani wamkulu pothawa wamng'ono.

Neti zimene zimagawidwa masiku ano zili ndi mankhwala m'ulusi mwake, ndipo zinapangidwa kuti zikhale pafupifupi zaka zitatu. Zimafuna kucapidwa mwa apo ndi apo ndi sopo wa mtanda, osazimenyetsa pamwala, ndi kuyanikidwa pamthunzi, cifukwa dzuwa limapha mankhwalawo. Ikabooka isokedwe pomwepo, bowo likali laling'ono. Akatswili apeza kuti m'madela ambili udzudzu unayamba kupilila mankhwala ena akale, n'cifukwa cake mitundu ya neti yakhala ikusintha. Koma ngakhale mankhwala atacepa mphamvu, neti yosang'ambika ikali cipupa pakati pa mwana ndi udzudzu.

Ndiye pali zimene timaona tikamayenda m'midzi. Neti yachinga khola la anapiye. Neti yazungulila nazale ya tomato ndi lepu kudimba. Neti yapotedwa kukhala cingwe comangila denga. Ngati ni yakale, yotha nchito, imene inalowedwa m'malo ndi yatsopano, tilibe nayo mau. Mlimi sataya cinthu. Koma kangati ni yatsopano, pamene ana a pakhomopo agona pamtetete? Zokokela nsomba ndi neti ya udzudzu ndiye zoipilatu, cifukwa maso ake ang'onoang'ono amakokolola ndi mazila omwe, ndipo lamulo la za nsomba limaletsa.

Neti siichinga zonse. Udzudzu wina umaluma tikali pabwalo madzulo, ndipo utsi wa ndowe kapena wa masamba umene timafukiza umangouthamangitsa kwa kanthawi. Conco wina adzadwalabe. Apa m'pamene mabanja ambili amaluza, cifukwa ca kuyembekeza. Thupi la mwana likatentha timagula Panado pa kantemba, kutenthako n'kutsika, ife n'kuganiza kuti wacila, pamene tizilombo tikuculuka m'magazi. Mwana wosakwana zaka zisanu angafike pangozi m'tsiku limodzi kapena awili. Lamulo la a zaumoyo n'losavuta: thupi likatentha, kapimitseni magazi pasanathe maola 24. Kupima kwake n'kwa kadontho ka pacala, zotsatila zimatuluka m'mphindi 15 kapena 20, ndipo m'midzi yambili muli anchito a zaumoyo a m'mudzi amene anaphunzitsidwa kupima ndi kupatsa mankhwala. Mwana amene akusanza ciliconse, akukana kuyamwa, akugwedezeka ngati wa khunyu, kapena m'manja ndi m'maso mwayela, ameneyo ngwa kucipatala usiku womwewo, osayembekeza kuce kapenanso kuyamba mwapita kukaombeza.

Acikulile akumbukila Chloroquine, wowawa uja woyabwitsa thupi. Analeka kugwila nchito, ndipo ca m'ma 2003 Zambia inakhala limodzi la maiko oyamba mu Africa kusinthila ku Coartem. Mankhwala amenewa amamwedwa kawili patsiku kwa masiku atatu, ndipo amalowa bwino m'thupi munthu akadya cakudya ca mafuta pang'ono, monga phala la nshawa kapena mkaka. Cizolowezi coipa cimene tili naco n'comwa tsiku limodzi, kumva bwino, n'kusunga otsalawo kuti adzathandize wina. Kutelo n'kusiya tizilombo tamoyo m'thupi ndi kutiphunzitsa kupilila. Tinataya kale mankhwala amodzi. Sitifuna kutayanso awa. Azimai apakati naonso asaleke kumwa Fansidar amene amapatsidwa kusikelo mimba ikapitilila miyezi itatu, cifukwa malungo amatha magazi a mai ndi kucepetsa mwana m'mimba ngakhale maiyo asakumva kudwala.

Boma nalo lili ndi mbali yake, ndipo sitiibisa. Dziko lino linadziikila colinga cothetsa malungo pofika 2021, koma cakaco cinadutsa malungo akali nafe. Kuuza mai kuti athamangile kukiliniki m'maola 24 kuli ndi tanthauzo kokha ngati akafika adzapeza zopimila ndi mankhwala, ndiponso ngati mlatho wa panjila sunakokoloke. Tipempha akuluakulu a zaumoyo m'maboma kuti katundu afike kumakiliniki akutali miseu isanaduke. Kumene opopela m'nyumba afika, eni nyumba atsegule zitseko, ndipo azimai apilile caka cino osazila zipupa za mkati pokonzekela Khisimasi, cifukwa dothi latsopano limakwilila mankhwala amene anapopeledwa.

Kwa atsogoleli a maparishi, a miphakati ndi a mipingo ina tili ndi pempho laling'ono. Palibe bungwe limene limafika pakhomo lililonse mlungu ndi mlungu ngati inu. Mumadziwa agogo amene alela adzukulu asanu m'kanyumba kamodzi, mumadziwa mai amene ali ndi pakati, mumadziwanso kuti pamalilo ndi pa mapemphelo a usiku wonse anthu amagona panja ndi makanda kumsana. Mukapita kukaona odwala, yang'anani kudenga ngati neti ilipo ndipo ngati ni yamoyo. Amai a cigwilizano anyamule singano ndi ulusi. Anyamata a kwaya atenge makasu tsiku limodzi akakwilile maenje a njelwa amene ali kuseli kwa chalichi ndi pafupi ndi sukulu, mvula yoyamba isanawadzaze.