Mau a Cikhulupiriro: Madzi Ali m'Njira

Ojambula zithunzi akafika pa mathithi a Mosi-oa-Tunya ku Livingstone m'mwezi wa Okutobala kapena Novembala, ambiri amabwerera ali okhumudwa. Mbali ya kuno ku Zambia amapezako thanthwe louma, lakuda bii, pamene mu Epulo pamagwa madzi oopsa, utsi wace nkumaonekera kutali.

Komatu mtsinje wa Zambezi sunafe ai. Umayamba ngati kasupe wamng'ono m'boma la Ikelenge, kumpoto ca kumadzulo kwa dziko lathu. Mvula ikagwa kumeneko ndi ku Angola, madzi amadzaza kaye madambo a ku Barotse, ndipo pamapita miyezi asanafike pa phompho lija la mamita 108.

Inu amai amene mukudwazika mwana, inu abambo amene nkhokwe yanu yapepuka, musanene kuti Mulungu wakuiwalani. Mneneri Eliya anatuma mnyamata wace kasanu ndi kawiri asanaone kamtambo ka mvula (1 Mafumu 18). Limani, pitani naye mwanayo ku cipatala, pempheranibe osaleka. Mulungu anamva kale kulira kwanu, ndipo yankho lace lili m'njira.