Nkhonya za ku Karonga ziyambire pa ana

Pa 11 July 2016, Amalawi okonda nkhonya adali tcheru kudikira zotsatira kuchokera mumzinda wa Yekaterinburg m'dziko la Russia. Kumeneko mwana wa ku Blantyre, Isaac Chilemba, adakwera bwalo kukalimbana ndi Sergey Kovalev, chiphona chomwe panthawiyo chidali ndi malamba atatu a dziko lonse a WBA, IBF ndi WBO.

Chilemba adagwa m'raundi ya 7 koma adadzuka n'kupitiriza mpaka belu lomaliza. Oweruza onse atatu adapereka chipambano kwa Kovalev. Komabe m'Malawiyu adabwerako ndi ulemu chifukwa adakhala munthu wachiwiri, pambuyo pa Bernard Hopkins, kutha maraundi onse 12 ndi mkulu yemwe anzake ankagona asadafike patali.

Ambiri adangoti Chilemba adachepa mphamvu. Koma nkhani yeniyeni ili pa njira zomwe anyamata awiriwa adadzera kuti akafike pabwalo limenelo, ndipo ndi nkhani yomwe akuluakulu a zamasewero m'boma la Karonga ayenera kuimvetsa.

Kovalev adabadwa m'chaka cha 1983 ku Kopeysk, tauni ya migodi ya malasha pafupi ndi mzinda wa Chelyabinsk. Adayamba nkhonya ali ndi zaka 11 ndipo adakhala zaka zoposa khumi akumenya nkhonya zosalipidwa, zomwe zidapitirira 200. Si zonse zomwe adapambana. M'dziko mwake momwemo mudali Artur Beterbiev yemwe adamutchingira njira, moti Kovalev sadapite ku Olympics.

Adalowa nkhonya zolipidwa m'chaka cha 2009 ku America ali ndi zaka 26, atakhwima kale. Patangotha zaka zinayi adalanda lamba wa WBO kwa Nathan Cleverly ku Cardiff, ndipo mu November 2014 adagonjetsa Hopkins n'kuwonjezera malamba ena awiri.

Chilemba, yemwe adabadwa m'chaka cha 1987, adachita kutuluka m'dziko muno kuti luso lake lioneke. Adayamba nkhonya zolipidwa ku South Africa m'chaka cha 2005 ali ndi zaka 18 zokha, ndipo zambiri adaphunzirira pabwalo la ndalama pomwe kulakwitsa kumodzi kumalembedwa pa mbiri ya munthu mpaka kalekale. Ngakhale zidali choncho adatenga lamba wa IBO mu 2010, adalepherana ndi Tony Bellew ku Liverpool mu 2013, ndipo mu 2018 adathanso maraundi 12 ndi Dmitry Bivol. Kodi akadafika pati akadakula ndi makochi, zipangizo ndi mipikisano ngati ya Kovalev?

Funso limeneli likukhudza Karonga chifukwa bomali lili ndi zambiri zofanana ndi kwawo kwa Kovalev. Kuli migodi ya malasha, kuli uranium ku Kayelekera, komanso kuli anyamata amphamvu ambirimbiri omwe sukulu idawathera panjira. Ena amapalasa kabaza pa Karonga boma, ena amasenza katundu pachipata cha Songwe, ena amakoka makoka ku Kaporo ndi ku Chilumba. Zaka za m'mbuyomu andale adagwiritsa ntchito mphamvu za anyamata otere pa ziwawa, mpaka dera la pakati m'bomali lidapatsidwa dzina loti Benghazi.

Makolo ena anganene kuti kuphunzitsa nkhonya anyamata otere n'kuthira petulo pamoto. Nkhawayi ndi yomveka, koma yemwe adaonako kalabu ya nkhonya yoyendetsedwa bwino amadziwa kuti mwana amayamba waphunzira kudzuka m'mamawa, kuthamanga, kumvera kochi ndi kusiya kumenya belu likalira. Wovuta m'mudzi amakhala yemwe ali ndi mphamvu koma alibe womuuza poimira.

Nkhawa ina ndi ya ngozi, ndipo iyi siyofunika kuichepetsa. Mu December 2011, Roman Simakov adakomoka atamenyana ndi Kovalev yemweyu mumzinda womwewo wa Yekaterinburg, ndipo adamwalira patatha masiku ochepa. Izi zidachitika kudziko komwe kuli zipatala zikuluzikulu. Nanga mnyamata wovulala m'mutu pa Karonga, yemwe angafunike kuthamangitsidwa mtunda wa makilomita oposa 200 kudzera m'mapiri a Chiweta kuti akafike ku Mzuzu Central Hospital?

Apa m'pamene pali kusiyana kwa mitundu iwiri ya nkhonya. Zosalipidwa zimakhala maraundi atatu okha, ana amavala zoteteza kumutu, ndipo woimbira amaimitsa msanga akaona kuti wina walemedwa. Zolipidwa zimafika maraundi 12, ndipo mnyamata wanjala amapirira zibakera zomwe sakadayenera kupirira chifukwa akuganiza za envulopu. Kutenga mnyamata yemwe wamenyako kawiri katatu n'kumuponya m'nkhonya zolipidwa kuti akadzaze pologalamu n'kumupereka nsembe.

Mbiri ya dziko lino nayonso ikuchitira umboni. Mamendulo atatu a bronze omwe Malawi adapata ku Commonwealth Games m'zaka za m'ma 1900 onse adachokera ku nkhonya zosalipidwa. Tatu Chionga adabweretsa yoyamba mu 1970, kenako Lyton Mphande ndi Solomon Kondowe mu 1986, maulendo onse awiri ku Edinburgh. Atsikana nawo adaonetsa kuti akhoza pomwe Anisha Bashir adatenga lamba wa Commonwealth ku London mu 2018.

M'mera mpoyamba. Bungwe la Malawi Boxing Association, lomwe limayang'anira nkhonya zosalipidwa, lisamathere mu Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Lipite ku Karonga likaphunzitse aphunzitsi a zamasewero m'sukulu zingapo kukhala makochi ndi oimbira. Asilikali akhala msana wa nkhonya m'dziko muno kwa zaka zambiri, choncho a ku Chilumba Barracks akhoza kuthandiza ana a m'midzi yozungulira Loweruka lililonse.

Khonsolo ya boma la Karonga ipereke holo imodzi masiku awiri pa sabata. Makampani omwe amakumba miyala m'bomali agule bwalo limodzi lankhonya, magulovu ndi zoteteza kumutu, zinthu zomwe mtengo wake sungafike pa galimoto imodzi ya bwana. Pakhale mpikisano wa boma lonse chaka ndi chaka, opambana azikakumana ndi anzawo a ku Chitipa, Rumphi ndi Mzuzu, ngakhalenso a ku Mbeya omwe ali pafupi kuposa Lilongwe.

Nalo bungwe la Malawi Professional Boxing Control Board liumitse mtima. Lisapereke chiphaso kwa mnyamata wosaonetsa kabuku ka nkhonya zosalipidwa zomwe wamenya, ndipo lisalole nkhonya iliyonse kuyamba dokotala ndi ambulansi zisadafike.

Zonsezi sizilonjeza kuti Karonga atulutsa Kovalev wake. Pa ana 100 oyamba nkhonya, ambiri adzasiyira panjira n'kukhala alimi a mpunga, asodzi kapena asilikali, koma adzatenga mwambo ndi thanzi. Mmodzi kapena awiri omwe adzapitirire adzalowa nkhonya zolipidwa akudziwa kutchinga nkhope, ndipo sadzafunika kuwoloka Limpopo ali ana kuti wina awaone.