MPHUNZITSI ASALOWE M'KALASI CHIMANJAMANJA

Mlungu wathawu, ndili pa ulendo wa ntchito, ndinaima pa sukulu ina ya pulayimale kuti ndilonjere mphunzitsi wamkulu. Podutsa pa zenera la Sitandade 4 ndinamva mphunzitsi akufunsa ana kuti, "Kodi dzulo tinalekezera pati?" Ana anayamba kutsutsana, ena ati tsamba ili, ena ati tsamba lija. Mkangano utatha, choko chinasowa, ndipo mwana anatumidwa kukatenga ku ofesi. Ndinayang'ana wotchi yanga: pa mphindi 35 za phunzirolo, mphindi 12 zinali zitapita.

Munthu ameneyu si waulesi ayi, ndipo ndinamva kuti sajomba kuntchito. Cholakwa chake chinali chimodzi: analowa m'kalasi chimanjamanja, wopanda chikonzero cha phunziro la tsikulo. Tsono tiyeni tiwerengere pamodzi. Ngati m'kalasimo munali ana 80, aliyense nataya mphindi 12, ndiye kuti m'mawa umodzi wokha munatayika maola 16 a ana a eni ake, amene makolo awo anawachotsa kumunda ndi kubusa kuti akaphunzire.

Ena amati chikonzero nchosafunika popeza silabasi ilipo, ndiponso mabuku a aphunzitsi ochokera ku Malawi Institute of Education ku Domasi alipo. Nzoona alipo, koma buku lolembedwa ku Domasi silidziwa kuti dzulo theka la kalasi linalephera samu zochotsera. Wodziwa zimenezo ndi mphunzitsi yekha. Nchifukwa chake ayenera kukhala pansi madzulo aliwonse ndi kudzifunsa: kodi belu likamalira mawa, mwana adzakhale atadziwa chiyani? Ndidzanyamule chiyani? Nanga ndidzaona bwanji kuti wamvadi? Wofuna kuphunzitsa ana kuchotsa 15 pa 32 amafunika timitengo tomanga m'mitolo ya khumikhumi, kuti mwana amasule yekha mtolo umodzi, aone ndi maso ake tanthauzo la kubwereka. Timitengo timeneto satola belu litalira kale. Amatola dzulo lake, ndipo satayirapo ndi tambala yomwe.

Dziko lathu linaona kale zimene zimachitika mphunzitsi akaima pamaso pa ana asanakonzeke. M'chaka cha 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Boma linalemba ntchito aphunzitsi zikwizikwi amene anali asanapiteko ku koleji, ndipo ambiri anayamba kuphunzira luso la ntchito yawo ali kale m'kalasi. Pa chigulu cha ana chotere, munthu wosakonzekera amathawira ku zinthu ziwiri: kuwaloweza mawu mokuwa ngati nyimbo, kapena kuwalembetsa za pabolodi mpaka nthawi ithe. Ana otere amafika Sitandade 8 kuwerenga kukuwavutabe, ndipo timadzadabwa zotsatira za mayeso a MANEB zikatuluka. Akulu anati m'mera mpoyamba.

Pali khalidwe lina limene ndiyenera kulidzudzula poyera. Aphunzitsi ena, akamva mphekesera yoti alangizi a zamaphunziro akubwera, amachezera usiku kukopera zikonzero za chaka chatha, nangosintha masiku okha. Mphunzitsi wamkulu naye amasaina osawerenga. Chikonzero chotere chimakondweretsa mlendo wa tsiku limodzi, koma mwana sapindula nacho kanthu. Kuli bwino mizere isanu yolembedwa moona, yonena kuti ana awa sanamve ndipo ndibwereza mawa, kusiyana ndi masamba atatu okongola a bodza.

Komabe tisaloze chala aphunzitsi okha. Ife atsogoleri a m'madera ndi anzathu ogwira ntchito m'boma tili ndi mlandu wathu. Popeza mphunzitsi ndiye wodziwa kulemba pamudzi, timam'sankha kukhala mlembi wa komiti iliyonse: ya chitukuko, ya mjigo, ya mpira, ngakhale ya zopereka za pamaliro. Timam'bweza kunyumba dzuwa litalowa, ali ndi makope 80 oti achonge, kenaka mawa lake nkumafunsa chifukwa chake sanakonzekere. Misonkhano yathu tiziika Loweruka, ndipo a makomiti a sukulu aonetsetse kuti mphunzitsi aliyense ali ndi kope lolembamo zikonzero teremu isanayambe.