Dishi ya intaneti sidziwa kuti Tcheya ndani

Abale a kumudzi kuno, ndi inu muli ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Joni, ndiloleni ndilankhule poyera za intaneti ija ndalama zanu zisanalowe m'madzi.

Lachisanu komiti yagwirizana zoti dishi ikaikidwe pakhomo pa a Tcheya, ati poti pali mpanda ndi agalu. Ine ndinakana pamsonkhano pomwepo, pano ndikukananso. A Tcheya ndi achimwene anga, tinaweta mbuzi limodzi, koma nyumba yawo ili kumunsi, m'mbali mwa dambo.

Mphwanga amene amakwera nsanja za mafoni anandilongosolera bwinobwino. Chipangizochi si wailesi ya MBC yomveka ngakhale uli m'khola. Dishi ya kuno iyenera kuonana maso ndi maso ndi inzake ya kumsika, mtunda wa makilomita 12. Pakati pakatchinga phiri kapena mitengo, basi zathera pomwepo. Komanso mafunde akewo sayenda ngati ulusi, amafufuma pakati pa ulendo, ndiye kampata kakang'ono pakati pa nthambi sikakwanira.

Mukuti katswiri anabwera n'kuvomereza. Anabwera liti? Mu Seputembala, milambe ili mbulanda. Tonse ndife alimi, tikudziwa mmene mitengo ya kutsidya imavalira ikafika Januwale. Masamba onyowa amameza mafunde. Ndiye tilipire chinthu chogwira ntchito chilimwe chokha? Mwaiwala kale za mjigo uja tinakumba potsata ulemu m'malo motsata madzi? Okutobala aliyense amayi athu amabwerera kumtsinje.

Maganizo anga ndi awa. Tisanagule kanthu, anyamata apite kumsika ndi galasi lodziyang'anira, awalitse dzuwa kuloza kuno. Ena aime kwa a Tcheya, ena pakaphiri ka kusukulu. Komwe kuwalako kukaonekere bwino, mlongoti ukazikidwe komweko, koma tikaganizirenso za masamba a dzinja.

Mlongotiwo ukhale wachitsulo, wothira simenti pansi ndi womanga ndi mawaya. Wa bulugamu chiswe chidzadya, ndipo mphepo ikaupotoza pang'ono chabe dishi yaphonya kale inzake. Pakaphiri mphezi siseka ndi munthu, choncho pafunika chitsulo cha kopa chokhomera pansi. Magetsi a ESCOM kulibe kumeneko, tiwerengere sola ndi batire loti n'kupirira masiku a mvula ya mvumbi. Ndipo ngati tidzalipiritse anthu, tiyambe tafunsa a MACRA za chilolezo. Safunsa anadya phula.

Akuti kusukulu akaba. Zoona, akuba alipo. Koma wakuba timathana naye ndi mlonda ndi loko, pamene phiri silisuntha ngakhale musonkhe ndalama zingati. Batire likhale mu ofesi ya ahedi, mlonda timuwonjezere kangachepe pamwezi. Nanga ana a Sitandade 8 azikagogoda pakhomo pa munthu, pali agalu, kuti awerenge?

Funso lina komiti ikulizemba: bilu ya mwezi ndi mwezi azilipira ndani zokolola zikavuta?

Inu a m'tauni, gwirani kaye ndalama zanu mpaka muone chithunzi cha galasi likuwala. Loweruka 10 koloko m'mawa ine ndikakhala ndili pakaphiri. A Tcheya, bwerani tikaone limodzi. Kukawala kwanu, ndidzapepesa pompano pa Facebook.