Ku Gold Reef City tipite pamsewu, ndege idikire

Anzanga, ine ndikuti ngati bambo kapena amalume anu a ku Joni atumiza uthenga kuti chaka chino banja lonse libwere adzakuonetseni Gold Reef City, musakakamire ndege. Pitani pagalimoto. Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kuseka. Mukuti, "Iwe umabwera kusukulu wapansi, fumbi mpaka m'maondo, za ndege zikukukhudza bwanji?" Sekani, koma werengani m'kalasi mwanu kuti ndi angati ali ndi kholo kapena mchimwene ku South Africa. Kwathu ku Fomu 2 ndi ambiri ndithu. Ena mwa makolowa patha zaka osaona ana awo, ndipo akasunga kandalama amafuna banja liwayendere. Ndiye funso la msewu kapena ndege limafika m'nyumba zathu zomwezi, kungoti anafe sitifunsidwa maganizo.

Kwa amene simunamvepo, Gold Reef City ndi malo a masewera mumzinda wa Johannesburg. Kuli tisitima tothamanga panjanji zokhotakhota m'mwamba, ina dzina lake Anaconda, yomwe imakutembenuza mutu pansi miyendo kumwamba. Kuli inanso yotchedwa Tower of Terror, imene imakukweza pamwamba kenako n'kukugwetsera kudzenje. Anthu amalipira ndalama kuti akakuwe ndi mantha, eti. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti malowa anawamanga pa mgodi wakale wa golide wa Crown Mines. Musaiwale mfundo imeneyi, ndibwererako.

Mkangano umenewu si wa ife tokha. Ku America mabanja amakangana chaka ndi chaka ngati ayende pagalimoto kapena pandege popita ku Walt Disney World, ku Orlando m'chigawo cha Florida, malo amene anatsegulidwa mu 1971. Kuchoka ku New York kukafika kumeneko ndi mtunda wofanana pang'ono ndi wa Blantyre kupita ku Johannesburg, makilomita oposa 1,600. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo amayenda m'dziko limodzi, chiyankhulo chimodzi, ndalama imodzi. Ife timadutsa mayiko anayi. Anthu ena amati chimenecho ndiye chovuta cha msewu wathu. Kwa ine chimenecho ndiye chokoma chake.

Tiyambe ndi masamu, poti JCE yayandikira. Tikiti imodzi ya ndege tiitche x. Banja la anthu asanu ndi mmodzi lilipira pafupifupi 6x, ndipo musadzinamize kuti ndinu mwana: ukangokwanitsa zaka 12, kundege amakulipiritsa ngati munthu wamkulu. Tsono mtengo woyendetsera galimoto tiutche y. Mu y muli mafuta, ndalama za pa zipata zolipiritsa za mumsewu, inshuwalansi ya m'mayiko odutsamo, mapepala olowetsera galimoto pamalire ndi malo ogona usiku umodzi. Ndi ndalama zambiri, sindikukana. Koma y sasintha kwenikweni kaya mukhale munthu mmodzi kaya anthu asanu ndi mmodzi. Munthu akakhala yekha, ndege ingamuchitire bwino. Banja likamakula, x akuchulukana pomwe y wangokhala phee. Amene mulibe galimoto m'banja, basi ilipo. Imalipiritsa pamutu, inde, koma mtengo wake uli kutali pansi pa wa ndege.

Ndipo ndalama zotsalazo si zoseweretsa. Thumba limene mukutuluka matikiti ndi lomwe lija mumatuluka feteleza, malata ndi nsapato zanu za kusukulu. Kukwera ndege maola awiri ndi pang'ono, kenako chimanga n'kuchita chikasu mu Januwale, chimenecho si chisangalalo.

Palinso china chokhudza ife a kuno ku Mwanza. Malire tili nawo pakhomo. Kuti tikwere ndege tiyenera kubwerera m'mbuyo, kuwoloka Shire pa Zalewa, kukafika ku Chileka, n'kudikirira kumeneko maola angapo. Ikatera pa OR Tambo, mufunika galimoto ina yokutengani chifukwa bwaloli lili kum'mawa kwa mzinda pomwe Gold Reef City ili chakum'mwera. "Maola awiri" aja amatha tsiku ndithu.

Tsono tamverani zimene munthu wa pamsewu amaona. Mukangodinditsa pasipoti pa Mwanza mwalowa Zobue, ndipo anthu ogulitsa malonda kumeneko akuyankhula nanu Chichewa ngakhale ndalama yasanduka metical. Mutsika mapiri, kutentha kumayamba, milambe kuchuluka. Mudutsa Moatize, kumene amakumba malasha, ndipo mufika pa Tete. Apo ndiye mudzauona Zambezi, mtsinje umene timaujambula ndi bolopeni ya buluu m'makope a Geography osadziwa kuti Shire wathu yense amakangothira mmenemo ngati mwana wake. Kuchoka apo ndi Changara, kenako malire a Cuchamano ndi Nyamapanda. Mu Zimbabwe mudutsa Mutoko ndi miyala yake ikuluikulu yosanjikizana ngati wina anachita kuiika dala, mufike Harare. Kum'mwera kwake kuli Masvingo, pafupi ndi mabwinja a Great Zimbabwe amene timawaloweza mu History, makoma a miyala omangidwa popanda simenti kapena dothi. Ndi galimoto yanuyanu mungapatuke n'kukawagwira ndi manja. Ndiye Beitbridge, mlatho wa pa Limpopo, Musina, ndipo musanafike Polokwane mudumpha Tropic of Capricorn, mzere umene aphunzitsi amaujambula ndi timadontho pabolodi. Pali chizindikiro chake m'mbali mwa msewu wa N1. Wa pandege zonsezi amazidutsa ali pamwamba pa mitambo, atamangidwa lamba, akumwa tiyi m'kakapu ka pepala. Akabwera mudzamufunse kuti Zambezi ndi wotani, adzakuuzani za tiyi.

Tibwerere ku mgodi uja. Amalawi masauzande ambiri anagwira ntchito m'migodi ya golide yozungulira Johannesburg. Oyambirira ena anayenda wapansi miyezi, ndipo ena sanabwererenso, aja timawatcha machona. Pambuyo pake bungwe la Wenela linkawanyamula pandege mpaka ku Francistown m'dziko la Botswana, n'kupitiriza pasitima. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ndipo Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo anafa. Zitatero Dr Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu ntchito za kumigodi. Funsani agogo kumudzi, alipo amene akukumbukira. Sindikunena izi kuti ndikuopsezeni ndi ndege, ayi. Ndikunena kuti pansi pa tisitima tosangalatsa tija pali maenje amene anthu onga agogo athu anakhetsamo thukuta. Munthu amene wakhala pampando masiku awiri, msana ukuwawa, amafika pamalopo akudziwa m'thupi mwake kutalika kwa kumene anthu aja anapita kukasaka ndalama ya msonkho ndi bulangete. Akamaliza kukuwa pa Anaconda angawoloke n'kulowa mu Apartheid Museum, yomwe ili pambali pomwepo ndipo inatsegulidwa mu 2001, akamve mbali inayo ya nkhani. Wa pandege amangofikira pa ayisikilimu.

Komabe msewu uli ndi zoipa zake, ndipo sindizibisa. Malire ndi atatu, ndipo malire alionse ali ndi mbali ziwiri, kotero mufola kasanu ndi kamodzi. Pa Beitbridge mzere ukhoza kukudyerani maola ambiri, makamaka nyengo ya Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano. Choopsa kwambiri ndi tulo. Aliyense akudziwa kuti ngozi zimachuluka pamsewu kuposa mumlengalenga, ndipo dalaivala mmodzi amene akufuna kuonetsa chamuna poyendetsa usana ndi usiku osapuma angaphe banja lonse. Ngati amalume akunena kuti ayendetsa okha popanda kugona, ine pagalimotopo sindikwera. Madalaivala akhale awiri, mugone ku Harare, ndipo usiku musayende chifukwa ng'ombe ndi abulu a m'mbali mwa msewu alibe nyali.

Pali anthu enanso amene ndege ndi yawo ndithu. Agogo a miyendo yotupa, mayi wodwala, khanda la miyezi iwiri: amenewa musawazunze ndi kutentha kwa ku Tete. Ngati ndalama ikukwana tikiti imodzi, agogo auluke, enafe tikawapeza. Chimodzimodzi bambo amene abwana awo awapatsa masiku asanu okha. Masiku anayi akathera panjira, atsala ndi limodzi, ndiye palibe chimene apindula. Koma ifeyo ana asukulu, chimene tili nacho chambiri ndi nthawi. Ndalama ndiye tilibe.

N'chifukwa chake ndikuti ulendowu usakhale wa Disembala. Tchuthi chake n'chachifupi, kumunda kuli kupalira, mvula ili m'njira ndipo pamalire pali chipwirikiti. Dikirani tchuthi chachikulu cha mu Ogasiti. Zokolola zili m'nyumba, msewu ndi wouma, ku Tete dzuwa silinafike poipa. Kungoti munyamule majuzi, chifukwa Johannesburg ili pamalo okwera ndipo nthawi imeneyo m'mawa kumazizira koopsa. Pasipoti muyambe kuikonza msanga, poti aliyense amafunika yakeyake ngakhale mng'ono wanu wa Sitandade 1, kaya pamsewu kaya pandege.

Ndisanaiwale, katundu. Kundege amakuyezerani chikwama pasikelo, ndipo makilo akapitirira mulipira. Galimoto pobwerera imanyamula mabulangete, mapoto, sola ya panyumba, mwinanso njinga, ngakhale kuti zina mudzazilipirira msonkho pa Mwanza. Kwa munthu ngati ine amene ndimadzuka nkhuku zisanatsike kuti belu lisandipeze panjira, njinga imeneyo ndi yokoma kuposa Tower of Terror.

A Fomu 4 ena ndamva kuti akuti ndege ndiye "chitukuko". Chabwino. Malo alipo pansi pa pepalali, lembani yankho lanu mumate. Koma mubwere ndi masamu anu a 6x, ndipo chonde musang'ambe langali kuti mupeze pomata.