Jambulani maluwa, koma mudziwenso maina ake

A Mkonzi,

Ndiloleni danga pang'ono m'nyuzi yathuyi kuti ndilankhule ndi makolo anzanga, azibusa ndi ansembe za ana athu amene masiku ano akuyenda ndi kamera m'thumba.

Dzinja lino mdzukulu wanga wa Folomu 3 anabwera kutchuthi kuchokera m'tauni. Tsiku lonse ankangojambula maluwa ndi foni m'kamunda ka kuseri kwa nyumba. Ndinakondwa. Koma nditamufunsa dzina la kaduwa koyera kamene anali atangojambula, anangoti ndi "fulawa". Linali luni, ndiwo imene anadyera nsima dzulo lake! Ine amene ndinagwira choko zaka zoposa 30 ndinachita manyazi, pakuti mlanduwu ndi wathu aphunzitsi ndi makolo.

Kujambulako sindikuletsa ayi. Ndikungoti chithunzi chopanda dzina n'chimodzimodzi mwana wosalembedwa m'kaundula wa sukulu.

Wofuna chithunzi chabwino alawire m'mamawa. Chiluwe cha maungu chimatseguka kukamacha, ndipo dzuwa likakwera chimafota. Dzuwa la masana limachititsa maluwa oyera kumbuwa pachithunzi, koma tsiku la mitambo mvula itangokata mitundu imaoneka bwino. Mwana agwade pafupi ndi duwalo, asalitchinge ndi mthunzi wake, ndipo ajambule katatu: duwa, tsamba ndi chomera chonse. Akatero apite kwa agogo akafunse dzina ndi ntchito yake, alembe m'kope pamodzi ndi tsiku.

Phindu lake si laling'ono. Mwana wotere adzaona kuti maungu ali ndi maluwa aamuna ndi aakazi, ndipo lalikazi limakhala ndi kadzungu kunsi kwake. Akatumidwa kukathyola chiluwe cha ndiwo sadzathothola aakazi n'kutisowetsa maungu. Adzaonanso njuchi zikuyenda duwa ndi duwa, n'kuzindikira kuti popanda izo dzungu silingagwire.

Koposa zonse adzadziwa kaufiti. Kaduwa kake kofiira n'kokongola ndithu, koma mizu yake imayamwa chimanga pansi. Chomera chimodzi chimabala njere zikwizikwi zimene zimatha kudikira m'nthaka zaka zoposa 10. Wodziwa amazula kasanabale njere. Wosadziwa amangojambula n'kutumizira anzake. Ndipo chomera chachilendo chikamera pakhomo, chithunzi chomwecho mukhoza kukaonetsa alangizi a zaulimi.

Mayi Jessie Williamson anatulutsa buku la zomera zothandiza za dziko lino mu 1955, momwe analemba maina ake m'zinenero zathu pamodzi ndi ntchito zake. Ku Zomba kulinso malo a boma osungirako zomera zouma kuti ophunzira azizidziwa. Ngati mlendo anaona kuti chisoso, bonongwe ndi therere n'zoyenera kulembedwa, eni akefe tagona chifukwa chiyani?

Pempho langa kwa azibusa ndi ansembe ndi lakuti magulu a achinyamata m'mipingo apatsidwe ntchitoyi mvula isanathe. Gulu lililonse lijambule zomera 20 za pakhomo, amayi achikulire a mumpingo atchule maina. Paja amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma tisaiwale kuti dambo nalo limauma. Agogo odziwa mainawa tikuwaika m'manda chaka ndi chaka.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Ntcheu.