Kalabu yowerenga ithe njovu zisanatuluke

Kucokera mu 2022 sukulu n'zaulere, ndipo makalasi adzaza thoo. Mphunzitsi mmodzi angamve bwanji mwana aliyense akuwerenga? N'cifukwa cake ine ndikuti kalabu yowerenga ana akaweruka si masewera cabe.

Ku Mfuwe, m'boma la Mambwe, mwana amalankhula Cikunda pakhomo, koma kusukulu amapeza Cinyanja ndi Cingelezi. Kalabu kumeneko iyeneranso kutha dzuwa likalipo, poti njovu za ku South Luangwa zimalowa m'midzi madzulo, makamaka mango akapsa.

Bungwe la Chipembele laonetsa kale, ndi makalabu ake a zacilengedwe, kuti ana amabwera. Cotsala ni mabuku osavuta. Manje imwe muli pa basi ya ku Kulima Tower, mabuku amene ana anu anasiya ali kuti?